Kurt Cobain: Nyimbo idamukweza ndiyo idamulemera

Pa 11 January 1992 anthu otsata zoimbaimba m'dziko la America adaona zomwe sadaziyembekezere. Chimbale cha Michael Jackson chotchedwa Dangerous, chomwe chidali pa nambala 1 pamndandanda wa zimbale zoyenda malonda, chidatsitsidwa. Omwe adachitsitsa adali anyamata atatu ovala majinzi ong'ambika m'mawondo ndi malaya a pakaunjika, amene miyezi isanu m'mbuyomo anthu ambiri ngakhale a m'dziko lawo lomwe sankawadziwa.

Gulu la anyamatawa linkatchedwa Nirvana, chimbale chawo chidali Nevermind, ndipo chomwe chidachikokera pamwambapo ndi nyimbo imodzi yotchedwa Smells Like Teen Spirit. Mtsogoleri wa gululi adali Kurt Cobain, mnyamata wa zaka 24, wowonda, wamanyazi, woimba gitala ndi dzanja lamanzere. Patangotha zaka ziwiri ndi miyezi itatu chichitikireni izi, Cobain adali atatsamira mkono.

Kurt Donald Cobain adabadwa pa 20 February 1967 ku Aberdeen, tauni yaing'ono ya m'chigawo cha Washington. Washington ameneyu si likulu la America lija ayi, koma chigawo chomwe chili kumpoto chakuzambwe kwa dzikolo, m'mbali mwa nyanja ya Pacific, komwe mvula imagwa mosalekeza. Anthu a ku Aberdeen ankadalira kudula mitengo ndi kucheka matabwa, ndipo pamene Kurt ankakula ntchitozi zidali zikutha, mabanja ambiri n'kumavutika.

Bambo ake adali makaniko wa galimoto pomwe mayi ake ankaperekera zakudya mulesitilanti. Kuchikazi kudali magazi a zoimba: amalume ake komanso mayi ake aang'ono ankaimba m'mabandi a m'deralo. Achibale ankamukumbukira Kurt ngati mwana wansangala, wokonda kujambula zithunzi ndi kuimba nyimbo za gulu la The Beatles.

Zonsezi zidasintha mu 1976 banja la makolo ake litatha, iye ali ndi zaka 9. Patapita kanthawi adakakhala ndi bambo ake, koma bambowo atakwatiranso, mnyamatayu sadamvane ndi banja latsopanolo. Adayamba kuyendayenda, lero kwa agogo, mawa kwa amalume, mkuja kwa makolo a anzake. Adasanduka mwana wamasiye makolo onse ali moyo. Atatchuka, Cobain ankauza atolankhani kuti kutha kwa banjalo kudamuchititsa manyazi pakati pa anzake kusukulu, ndipo adawasungira makolo akewo chakukhosi kwa zaka zambiri.

Atakwanitsa zaka 14 mu 1981, amalume ake adamuuza kuti asankhe mphatso pakati pa njinga ndi gitala yogwiritsidwapo kale ntchito. Iye adasankha gitala. Kusukulu zinthu sizinkamuyendera, moti mu 1985 adasiya sekondale kutatsala sabata ziwiri zokha kuti anzake amalize. Mayi ake, omwe ankakhala nawo panthawiyo, adamuuza kuti apeze ntchito apo ayi achoke pakhomo, ndipo posakhalitsa adapeza katundu wake atalongedzedwa m'makatoni. Ankagona m'nyumba za anzake, n'kumapeza kangachepe pogwira maganyu osesa ndi kukolopa, kuphatikizapo pasukulu yomwe adaisiya ija.

Cobain ankakonda kunena kuti nthawi ina ankagona kunsi kwa mlatho wa pamtsinje wa Wishkah. Mnzake wapamtima Krist Novoselic adadzatsutsa nkhaniyi ponena kuti malowo ndi amatope ndipo madzi amakwera, munthu sangagonepo. Mkuluyu adali ndi chizolowezi chothira mchere mbiri yake, koma umphawi wokha sadachite kupeka.

Kutauni yoyandikana nayo ya Montesano kudali kagulu koimba kotchedwa Melvins. Mtsogoleri wake, Buzz Osborne, ndiye adamupatsa Kurt makaseti a nyimbo za punk, nyimbo zaphokoso ndi zaukali zomwe sizilira ukatswiri wambiri koma mtima. Kumeneko ndi komwe adadziwana ndi Novoselic, mnyamata wamtali mamita awiri, mwana wa makolo ochokera ku Croatia. Mu 1987 awiriwa adayambitsa gulu lawo, Novoselic akuimba besi. Dzina loti Nirvana adalitenga m'chipembedzo cha Chibuda, momwe limatanthauza mtendere wa munthu yemwe wamasuka ku zowawa zonse.

Chaka chomwecho Cobain adasamukira ku Olympia, ndipo pambuyo pake kampani yaing'ono yojambula nyimbo ya mumzinda wa Seattle, Sub Pop, idawatenga. Chimbale chawo choyamba, Bleach, chidatuluka mu June 1989. Kuchijambula kudadya madola 606 ndi masenti 17 basi, ndipo m'zaka ziwiri chidagulidwa makope pafupifupi 40,000. Anyamatawa ankayenda m'kaminibasi kakutha kukaimba m'mabala ndi m'timaholo, n'kumagona pansi m'nyumba za owakonda. Oimba ng'oma ankabwera n'kumapita, mpaka mu 1990 pomwe adapeza Dave Grohl, mnyamata wa zaka 21 yemwe ankamenya ng'oma ngati ali nazo chifukwa.

M'zaka zimenezo nyimbo za rock zomwe zinkamveka pawailesi zikuluzikulu zidali za abambo a tsitsi lofutukuka, odzola zophodaphoda, oimba za akazi, mowa ndi galimoto. Magulu ngati Nirvana adali apambali. Nyimbo zawo zinkaseweredwa pa timawailesi ta ophunzira a m'makoleji, n'chifukwa chake zinkatchedwa alternative, kutanthauza njira ina. Za ku Seattle zidali ndi dzina lakelake loti grunge, mawu omwe tanthauzo lake ndi litsiro. Palibe yemwe ankaganiza kuti nyimbo zotere zingalemeretse munthu.

Dzina la nyimbo yomwe idasintha zonsezi lidachokera ku nthabwala. Mu 1990 Cobain adali pachibwenzi ndi Tobi Vail, woimba ng'oma m'gulu la Bikini Kill. Vail ndi mnzake Kathleen Hanna, yemwe ankatsogolera gululo, adaona m'sitolo mafuta opaka m'khwapa oletsa fungo la thukuta, opangidwira atsikana, omwe dzina lake lidali Teen Spirit, ndipo adaliseka dzinalo. Usiku wina atalawa chakumwa, Hanna adatenga cholembera n'kulemba pakhoma la chipinda cha Cobain kuti Kurt akununkha mafutawo.

Cobain sankawadziwa mafutawo. Poti usikuwo adali akukambirana za ndale ndi kugalukira kwa achinyamata, iye adayesa kuti mnzakeyo akumuyamikira kuti ali ndi mzimu wa achinyamata osagonja, pakuti ndilo tanthauzo la mawuwo ukawamasulira. Adanyadira, n'kusunga mawuwo mumtima. Zoti adali mafuta a m'khwapa adadzazidziwa patatha miyezi nyimboyo itatuluka kale. Chodabwitsa china n'choti mawu a dzinali sapezeka paliponse m'nyimbomo.

Kumayambiriro kwa 1991 Cobain adabwera ndi kaimbidwe ka gitala ka nyimboyi kumalo omwe ankakonzekerera ku Tacoma. Novoselic atakamva adati n'kachibwana. Cobain sadatsutse, adangolamula kuti aibwereze mobwerezabwereza kwa ola limodzi ndi theka. Mkati mwa kubwerezako Novoselic adachepetsa liwiro la ndime, Grohl n'kupeza kamenyedwe kake ka ng'oma, nyimbo n'kuima. N'chifukwa chake pachimbale chonse cha Nevermind ndi nyimbo yokhayi yomwe idalembedwa kuti adaipeka onse atatu.

Chinsinsi chake n'chosavuta. Ndime imayamba mwakachetechete, besi ndi ng'oma zikuyenda pang'onopang'ono, mawu akutuluka ngati a munthu wotopa. Kenaka kolasi imaphulika, gitala ikulira mokalipa, woimba akukuwa mpaka mawu kusasa, isadabwererenso kukachetechete kuja. Kaimbidwe aka sadakayambitse ndi Cobain. Iye mwini adavomera poyera kuti adakabera ku gulu la Pixies la ku Boston, ndiponso kuti cholinga chake chidali kupeka nyimbo yoti aliyense aikonde.

Adaiimba koyamba pagulu pa 17 April 1991 ku OK Hotel mumzinda wa Seattle. Apa n'kuti gululi litachoka ku Sub Pop n'kulowa kampani yaikulu ya DGC, ndipo mu May adapita kusitudiyo ya Sound City ku California kukajambula chimbale ndi katswiri wina, Butch Vig. Cobain sankafuna kujambula mawu ake kawiri kuti amveke onenepa, koma Vig, podziwa kuti mnyamatayu amakonda The Beatles, adamunyengerera pomuuza kuti John Lennon ankachita zomwezo. Atabwerera ku Olympia, Cobain adapeza atamutulutsa m'nyumba kaamba kosalipira lendi, ndipo kwa kanthawi ankagona m'galimoto yake. Nyimbo yomwe ikadzagwedeza dziko idali itajambulidwa kale, mwiniwake alibe pogona.

Smells Like Teen Spirit idatuluka pa 10 September 1991, chimbale n'kutsatira pa 24 mwezi womwewo. Akuluakulu a DGC sadaike mtima pa nyimboyi. Adangotumiza makope 46,251 a chimbalecho m'masitolo a ku America, ndipo ankati akagulitsa 250,000 ndiye kuti zayenda bwino.

Chomwe chidasokoneza masamu awo ndi kanema wa nyimboyi, yemwe adajambulidwa ndi Samuel Bayer. Kanemayu amaonetsa bandi ikuimba muholo ya zamasewero ya pasukulu, ophunzira atakhala duu, atsikana ochemerera atavala zakuda, mkulu wina wokolopa akuvina ndi chokolopera chake, ntchito yomwe Cobain ankaidziwa bwino. Pamapeto ophunzira aja amalusa n'kuswa chilichonse. Kuswako sikudali kwa sewero chabe. Achinyamatawo adali okonda gululi omwe adaitanidwa kudzaonekera, ndipo atakhalitsidwa pamabenchi tsiku lonse adatopa. Cobain atapempha kuti awamasule, adagwetsa zonse. Wailesi yakanema ya MTV idamuonetsa koyamba kanemayu pa 29 September, ndipo posakhalitsa idayamba kumubwereza usana ndi usiku.

Nyimboyi idafika pa nambala 6 ku America ndi nambala 7 ku Britain. Pofika Khirisimasi chimbale chinkagulidwa makope mazana a zikwi pasabata, ndipo makina odinda ankalephera kukwanitsa. Lero Nevermind chidagulidwa makope oposa 30 miliyoni padziko lonse.

Chosekesa n'choti ambiri mwa oikondawo sankamva zomwe Cobain akunena. Ankatafuna mawu, ndipo ngakhale ukawamva ndi odukaduka, otsutsana okhaokha. MTV idachita kukonza kanema wina wokhala ndi mawu olembedwa m'munsi, ndipo mu 1992 katswiri wa nthabwala Weird Al Yankovic adapeka nyimbo yoseka kusamveka kwa mawuko, Cobain atamuloleza. Komatu achinyamata sankafuna kumasuliridwa. Chiwerengero cha maukwati otha ku America chidafika pachimake cha m'ma 1980, kotero ana ambiri omwe ankatha msinkhu mu 1991 adakula ngati Kurt, akukankhidwa pakati pa nyumba ziwiri. Mkwiyo ndi kutopa zomwe zili m'mawu akewo adazizindikira msanga. Atolankhani adayamba kumutchula mneneri wa m'badwo wonse, udindo womwe iye ankaukana nthawi zonse.

Makampani a nyimbo adakhamukira ku Seattle kukasaka Nirvana ina. Magulu monga Pearl Jam, Soundgarden ndi Alice in Chains adagulitsa zimbale mamiliyoni, pomwe abambo a tsitsi lofutukuka aja msika udawathawa. Malaya a mandalasi omwe odula mitengo ankavala pothawa kuzizira, amene Cobain ankagula pakaunjika chifukwa chosowa ndalama, adasanduka fashoni. Mu 1992 wokonza zovala wina wa ku New York, Marc Jacobs, adasoka zovala zodula zotengera za amphawizi, ndipo kampani ya Perry Ellis idamuchotsa ntchito. Nawo opanga mafuta a m'khwapa aja adapeza malonda osawavutikira.

Anthu ambiri amati Cobain sankafuna kutchuka, koma umboni sukugwirizana nazo kwenikweni. Omwe ankayendetsa gululi adadzafotokoza kuti iye ankaonetsetsa kuti MTV ikuonetsa kanema wake kangati, ndipo ankadandaula akaona kuti a ena akuonetsedwa kwambiri. Kutchuka ankakufuna ndithu. Chomwe sadakonzekere ndi anthu omwe kutchukako kudamubweretsera. Akayang'ana m'chinamtindi cha omuonera ankaona anyamata a mtundu womwe unkamuzunza kusukulu, akukuwa kuti awaimbire nyimbo imodzi yomweyo basi.

Adayamba kuichita chipongwe nyimbo yake yomwe. Mu November 1991, papologalamu ya Top of the Pops ya BBC, adauzidwa kuti zida azingonamizira kuimba. Iye adaimba ndi mawu a besi ngati a m'kwaya, dzanja lili kutali ndi zingwe za gitala kuti aliyense aone kuti n'zabodza. Mu October 1992 ku Buenos Aires m'dziko la Argentina, anthu adatukwana ndi kugenda gulu la amayi la Calamity Jane lomwe lidatsegulira chionetserocho. Pobwezera, Cobain ankangoyamba Smells Like Teen Spirit n'kuisiya, kuyambanso n'kuisiya, mpaka chionetsero chidatha osaiimba. Pachikuto cha chimbale cha Incesticide chomwe chidatuluka kumapeto kwa chakacho adalemba kuti aliyense wodana ndi amayi, anthu a khungu lina kapena okondana amuna kapena akazi okhaokha asamabwere kumaimbidwe awo ndipo asamagule zimbale zawo.

Kuseri kudali vuto lalikulu kuposa limeneli. Kwa zaka zambiri Cobain ankavutika ndi m'mimba mopweteka kwambiri, matenda omwe madokotala sadawapeze bwinobwino, komanso ankadwala matenda a nkhawa. Adayamba kudzibaya mankhwala ozunguza bongo a heroin asadatchuke, ndipo ankati amamuchepetsera ululuwo. Ndalama zitabwera, chomuletsa chidachoka.

Pa 24 February 1992 adakwatira Courtney Love, mtsogoleri wa gulu la Hole, ku Hawaii, ndipo mwana wawo Frances Bean adabadwa pa 18 August. Magazini ya Vanity Fair idalemba kuti Love ankagwiritsa ntchito heroin ali woyembekezera. Love adati adasiya atangodziwa kuti ndi wodwala, komabe akuluakulu oona za ana ku Los Angeles adawalanda khandalo kwa kanthawi, ndipo padatenga miyezi kuti mlanduwo uthe. Kwa munthu yemwe adakula wopanda khomo lokhazikika, ichi chidali chilonda chachikulu.

Mu September 1993 Nirvana idatulutsa In Utero, chimbale chokhakhala chomwe adajambula mwadala ndi Steve Albini kuti chisamveke chosalala ngati Nevermind. Nacho chidakwera pa nambala 1. Pa 18 November chaka chomwecho adaimba papologalamu ya MTV Unplugged ku New York, atakhala pampando pakati pa makandulo ndi maluwa, ndi magitala osakalipa. Ambiri amati ili ndi tsiku lomwe adaimba mokoma kuposa masiku onse, ndipo Smells Like Teen Spirit sadaiimbe n'komwe.

Chionetsero chomaliza cha gululi chidachitika ku Munich m'dziko la Germany pa 1 March 1994. Patatha masiku atatu Cobain adathamangitsidwa naye kuchipatala ku Rome atakomoka kaamba ka mankhwala. Atabwerera kwawo, mkazi wake ndi anzake adamukhazika pansi, ndipo adavomera kupita kumalo othandizira anthu kusiya mankhwalawa ku Los Angeles. Adangokhalako masiku awiri, adalumpha mpanda n'kukwera ndege kubwerera ku Seattle, achibale osadziwa komwe ali. Pa 8 April munthu wokonza magetsi adapeza thupi lake kunyumba kwake. Achipatala adapeza kuti adadzipha pa 5 April, ali ndi zaka 27. M'kalata yomwe adasiya adafotokoza kuti kwa zaka zambiri sankamvanso kukoma kwa kuimba, ndipo ankaona ngati akunamiza anthu akakwera pansanja.

Anthu pafupifupi 7,000 adasonkhana ku Seattle pa 10 April kudzamulira. Thupi lake lidatenthedwa, kotero alibe manda, ndipo omukonda amapita kukalemba mauthenga pamabenchi a paki ya Viretta, pafupi ndi nyumba yomwe adaferamo. Mphekesera zoti adachita kuphedwa zakhala zikumveka, koma apolisi a ku Seattle ataunikanso nkhaniyi mu 2014 adapeza zomwe adapeza poyamba. Zaka 27 ndi zomwe adafera oimba ena otchuka monga Jimi Hendrix, yemwenso adali wa ku Seattle, Janis Joplin, Jim Morrison komanso Amy Winehouse mu 2011.

Nirvana idathera pomwepo. Grohl adasiya ng'oma n'kunyamula gitala, kuyambitsa gulu la Foo Fighters lomwe lidatchukanso kwambiri. Chimbale cha Unplugged chidapata mphoto ya Grammy mu 1996, ndipo mu 2014 Nirvana idalowetsedwa mu Rock and Roll Hall of Fame, nyumba yolemekezera akatswiri a nyimbo za rock.

Nyimbo ija ndiye sidakalambe. Oimba osiyanasiyana monga Tori Amos, Paul Anka ndi Patti Smith adaiimbanso m'njira zawo. Kanema wake adakwanitsa kuoneredwa ka 1 biliyoni pa YouTube mu December 2019, ndipo mu 2021 magazini ya Rolling Stone idaiika pa nambala 5 pa nyimbo 500 zopambana m'mbiri yonse. Gitala ya Fender Mustang yomwe Cobain adaimba m'kanemayo idagulitsidwa pamsika wa okishoni mu May 2022 pamtengo woposa madola 4.5 miliyoni, ndipo gawo la ndalamazo lidapita ku ntchito zothandiza odwala matenda a maganizo. Ku Aberdeen, tauni yomwe iye ankainyoza pocheza ndi atolankhani, mu 2005 adaika chikwangwani cholandirira alendo chokhala ndi dzina la nyimbo yake ina, Come as You Are, ndipo mu 2014 khonsolo idalengeza 20 February kukhala tsiku lomukumbukira.

Frances Bean adali ndi chaka chimodzi ndi miyezi isanu ndi iwiri pomwe bambo ake ankamwalira, kotero sawakumbukira. Mu 2015 adathandiza nawo kukonza filimu ya moyo wa bambo akewo yotchedwa Montage of Heck, ndipo chaka chomwecho adauza Rolling Stone kuti iye nyimbo za Nirvana sazikonda kwenikweni. Mu September 2024 adabereka mwana wamwamuna. Kurt Cobain akadakhala ndi moyo, bwenzi atamunyamula mdzukuluyo ali ndi zaka 57.